Asilikali akunja akabwera kudzagwetsa boma, chimatsatira nchiyani? Mafunso ndi mayankho

Nkhani iyi imabwerabwera ndale zikatentha, ngati muja zidatenthera titavota mu Okutobala 2024, misewu kutsekedwa, matayala kuyaka, aliyense foni ili m'manja kudikira kumva kuti ku Maputo kwagwanji. Nthawi ngati imeneyo sipalephera wina wonena mu chapa kapena kulemba pa Facebook kuti bola azungu angobwera ndi ndege zawo adzachotse anthu amenewa, kaya akunena za kwathu kuno ku Mozambique, kaya Zimbabwe, kaya dziko lina lomwe waliona pa TV. Nde apa pali mafunso omwe anthu amafunsana pa nkhaniyi, ena ofunsa mwaukali ndithu, ndi mayankho ake.

Kodi tikamati akunja abwera kudzagwetsa boma tikunena chani kwenikweni?

Zimachitika mosiyanasiyana. Pena dziko limatumiza asilikali ake enieni ndi akasinja mpaka kukalowa likulu la anzawo, ngati America ndi Britain ku Iraq mu 2003. Pena satsika pansi, amangophulitsa ali m'mwamba kwinaku zigawenga za m'dzikomo zikumalizitsa ntchito pansi, ngati NATO, mgwirizano wa asilikali a America ndi mayiko a ku Ulaya, ku Libya mu 2011. Ndiye pali njira ija yobisa, kupatsa anthu ena a m'dziko lomwelo mfuti, mawailesi, ndalama ndi malo ophunzirira nkhondo koma pamaso nkumakana kuti ife sitikudziwapo kanthu. Yomalizayi ife a kuno sitifunika kuiwerenga m'buku ayi.

Koma abale, ngati mtsogoleri ali wankhanza, akupha anthu ake, kumuchotsa kwalakwika pati?

Palibe amene akunena kuti Saddam Hussein adali munthu wabwino. Uyu adapha a Kurd ndi mpweya wa poizoni ku Halabja mu 1988, adalanda Kuwait mu 1990, ndende zake anthu ankangolowa osatulukanso. Ndipo kumuchotsa sikudavute nkomwe, nkhondo idayamba pa 20 Malichi 2003, pofika pa 9 Epulo chiboliboli chake chidali chitagwetsedwa kale mu Baghdad. Masabata atatu basi. Vuto lidayamba m'mawa mwake.

Boma si pulezidenti yekha. Boma ndi namwino wa pa chipatala chaching'ono amene amadikira malipiro pakutha pa mwezi, ndi wapolisi wa pa msika, ndi amene amatsegula mapampu a madzi, ndi kalaliki wosunga mabuku a malo kuti munda uwu ngwa uje. Ukadula mutu zonsezi zimaima tsiku limodzi, nde mu Baghdad anthu adangolowa m'maofesi, m'zipatala, ngakhale m'nyumba yosungiramo zinthu zakale kutenga chilichonse chonyamulika asilikali a America akungoyang'ana. Kenako mkulu amene America idamuika kuti ayendetse dzikolo, Paul Bremer, adasaina mapepala awiri mu Meyi 2003 omwe anthu a ku Iraq sadzawaiwala, loyamba kuchotsa ntchito akuluakulu a chipani cha Saddam cha Baath, pomwe m'dziko muja kuti ukwezedwe pa uphunzitsi kapena udotolo umayenera kukhala ndi khadi ya chipani (za khadi ya chipani ife timazidziwa bwino), lachiwiri kuthetseratu gulu lonse la asilikali. Tangoganizani amuna oposa 300,000 odziwa mfuti, odziwa komwe kuli nkhokwe za zipolopolo, kuwauza kuti kuyambira lero ntchito yatha, pitani kwanu. Adapita kwawo inde, koma mfuti adanyamula.

Zotsatira zake mabomba tsiku ndi tsiku, a Sunni ndi a Shia oti adakhala moyandikana nkumakwatirana kuyamba kuphana makamaka utaphulitsidwa mzikiti wa ku Samarra mu 2006, anthu wamba oposa 100,000 kufa, mamiliyoni kuthawa. Zida zoopsa zija America ndi Britain ankati Saddam wabisa, chifukwa chomwe adapereka polowa, sizidapezeke. America idachoka kumapeto kwa 2011, pofika Juni 2014 gulu la zigawenga la ISIS lidalanda mzinda wa Mosul, ndipo mtsogoleri wake Abu Bakr al-Baghdadi adakhalapo m'ndende ya America ya Camp Bucca, ena mwa akuluakulu ake adali maofisala aja a Saddam adachotsedwa ntchito. Ndipo musaone ngati nzakutali, mbendera yakuda yomweyo ndi imene machababo, zigawenga za ku Cabo Delgado, adadzayamba kuimika, ISIS nkumadzitama kuti zochitika ku Mocímboa da Praia nzathu.

Nanga ku Libya? Kumeneko sikuti sadatumize asilikali apansi?

Sadatumize gulu lalikulu lapansi, zoona, ndipo nchifukwa chake ambiri ankati iyi nde njira yaukhondo. Bungwe la United Nations lidavomereza pa 17 Malichi 2011 kuti ndege ziteteze anthu wamba, makamaka a ku Benghazi omwe Gaddafi adawaopseza. Mayiko atatu a mu Africa omwe adali m'komiti ya chitetezo nthawi imeneyo, South Africa, Nigeria ndi Gabon, onse adavota kuti inde. Koma kuteteza anthu kuja kudasanduka kusaka Gaddafi, a African Union adayesa kubweretsa ndondomeko yokambirana, Jacob Zuma mpaka adapita ku Tripoli, palibe adawamvera. Pa 20 Okutobala 2011 Gaddafi adagwidwa ku Sirte nkuphedwa ngati nyama, vidiyo yake ambiri mudaiona.

Kuno anthu ambiri amamukonda Gaddafi, amati adali mwamuna wa Africa, ndipo adathandizadi kuyambitsa African Union nkumaiponyera ndalama, koma tisabise, yemweyo ndi amene akaidi oposa 1,000 adaphedwa mu ndende yake ya Abu Salim mu 1996, yemweyo adatumiza asilikali kukathandiza Idi Amin. Kaya mumamukonda kaya ayi, taonani zidatsatira. Nkhokwe za zida zidatseguka, aliyense kutola, tauni iliyonse gulu lake la mfuti, mpaka pano dziko lili ndi maboma awiri, lina ku Tripoli lina kum'mawa komwe amalamula ndi Khalifa Haftar. Anyamata a Tuareg omwe ankamenyera Gaddafi adabwerera ku Mali ndi magalimoto odzaza zida, kumayambiriro kwa 2012 kumpoto kwa Mali kudagwa, asilikali a ku Bamako atakwiya adalanda boma, mu 2013 France idalowa, ndipo moto uja udayanga mpaka Burkina Faso ndi Niger. Mali sidaponyeredwe bomba ngakhale limodzi ndi NATO koma idalipira nawo. Mu 2017 dziko lonse lidaona vidiyo ya anzathu akuda, ofuna kuwoloka nyanja kupita ku Ulaya, akugulitsidwa pa msika ku Libya ngati mbuzi. Barack Obama mwini wake adavomera mu 2016 kuti cholakwa chake chachikulu chidali kusakonzekera zodzachitika Gaddafi akachoka.

Zonsezi nzakutali, ife a ku Tete zikutikhudza bwanji?

Aa, funso ili akafunsa mwana wobadwa 2000 ndimamva, koma wamkulu ayi.

Titalandira ufulu mu 1975, Samora adatseka malire ndi Rhodesia (Zimbabwe ya lero) mu Malichi 1976 nkulola anyamata a ZANLA, omenyera ufulu wa Zimbabwe, kukhala ndi misasa mbali yathu. Boma la Ian Smith lidabwezera m'njira ziwiri. Yoyamba kubwera okha ndi magalimoto, ndege ndi mahelikopita, ku Nyadzonia mu 1976, ku Chimoio ndi ku Tembue kuno ku Tete mu Novembala 1977, milatho kuphulitsidwa. Yachiwiri ndi ija yobisa, akazitape a Rhodesia motsogozedwa ndi Ken Flower, amene pambuyo pake adavomera yekha, adathandiza kuumba gulu lomwe lidadzakhala Renamo, André Matsangaissa ali patsogolo, dzina lija agogo amati Matsanga lidachokera pamenepo. Zimbabwe itapata ufulu mu 1980 gululi lidaperekedwa m'manja mwa asilikali a South Africa ya tsankho. Samora adafika posaina pangano la Nkomati ndi P. W. Botha mu Malichi 1984 kuti aliyense asiye kuthandiza adani a mnzake, koma mapepala omwe adapezeka ku Gorongosa mu 1985 adaonetsa kuti a South Africa sadasiye.

Ku Pretoria ankati akufooketsa boma la chikomyunizimu. Koma amene adafooka ndani? Boma ku Maputo silidagwe, idagwa ndi Angónia, Macanga, Tsangano, Mutarara, Chiúta. Masukulu kutenthedwa, zipatala kutenthedwa, aphunzitsi kusakidwa chifukwa iwo nde ankaimira boma pamudzi, ng'ombe za Angoni zija zinkadzaza makola kutha, anthu kugona m'mapiri ndi m'madimba, usiku awa abwera akufuna ufa, masana enawa abwera akufunsa kuti ufa mudapatsa ndani. Kuyenda msewu wa Nyamapanda kudutsa pa mlatho wa Tete kukafika pa Zóbuè udali woyenda pa koluna, magalimoto kudikirana mpaka asilikali a Zimbabwe atsogole, ndipo ukakwera sumadziwa ngati ukafika. Nsanamira za magetsi a Cahora Bassa opita ku South Africa zidagwetsedwa zambirimbiri, damu lalikulu chonchija kukhala zaka likungotulutsa kadontho mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mlatho wa Dona Ana nawo udaphulitsidwa, njanji ya Sena idafa, malasha a Moatize adasowa potulukira.

Amene mudayendapo msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu, paja pa Lizulu ndi pa Biriwiri pomwe tala ndiye malire, mukudziwa mmene zinkaonekera, mbali iyi golosale yatsegula, ana akupita kusukulu, amayi akugulitsa mbatatesi ndi kabichi, mbali inayo kungodumpha msewu mashopu a Apwitikizi opanda denga, zipupa zobooka ndi zipolopolo, mitengo itamera m'kati. Mtundu umodzi, chiyankhulo chimodzi, gule mmodzi, maliro amalirana, koma wina ali ndi mtendere wina alibe. Anthu pafupifupi 1 miliyoni adathawira ku Malawi, Dedza, Ntcheu, Mwanza, Nsanje, kukaima pa mzere ndi khadi kulandira ufa ndi nandolo pomwe kwawo adasiya nkhokwe zodzaza, ana ambiri a kuno adaphunzira sukulu ya ku Malawi nchifukwa chake mpaka pano muli akuluakulu oti Chingerezi amachitha kuposa Chipwitikizi. Dziko lonse anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa nkhondo isanathe mu 1992.

Ndiye mukuti nkhondo ya zaka 16 idali ya akunja okhaokha?

Ayi, ndipo amene anganene choncho sadacheze ndi akuluakulu a kumudzi. Frelimo idali ndi zake zomwe zidawawa anthu, mafumu kuchotsedwa kuti ndi zotsalira za atsamunda, anthu kusamutsidwa pa malo a makolo awo kukaunjikidwa m'midzi ya aldeia comunal, kuyenda ndi kalata ya chilolezo ya guia de marcha, miyambo ndi zipembedzo kunyozedwa, Operação Produção ya 1983 yomwe idatola anthu m'matauni kukawataya ku Niassa. Anthu adali ndi mkwiyo weniweni, ndipo Renamo idapeza owatsatira eni eni, umboni wake mu chisankho cha 1994 idapeza mavoti ambiri zedi m'zigawo zapakati, kuno ku Tete nkomwe.

Koma apa nde pali mfundo. Wakunja sabweretsa mkwiyo, amaupeza ulipo kale, iye amangobweretsa mfuti, ndipo mkangano woti ukadatha ndi kukalipirana pa msonkhano kapena zionetsero umasanduka wa zaka 16. Komanso wakunjayo sakhala ndi chidwi ndi mfumu yanu yomwe idalandidwa ufumu, iye ali ndi zake. Ngakhale aneba athu a ku Malawi adalowa m'mavuto, mu Seputembala 1986 Samora, Kaunda ndi Mugabe adapita ku Blantyre kukamuuza Kamuzu maso ndi maso kuti dziko lake likusunga Renamo, Samora mpaka kuopseza zoika mizinga m'malire, patangotha mwezi ndege yake idagwa ku Mbuzini. Kenako asilikali a Malawi omwewo adadzayamba kulondera njanji ya Nacala nkumafa nawo.

Koma Nyerere adachotsa Idi Amin ndipo aliyense amamuyamikira. Pamenepa mukutipo chani?

Ili nde funso lolimba ndipo sitingalizembe. Amin ndiye adayamba, adalowa m'dera la Kagera ku Tanzania kumapeto kwa 1978, Nyerere adamubweza nkupitiriza mpaka Kampala idagwa pa 11 Epulo 1979, Samora nayenso adatumizako asilikali ena. Amin adathawa, adakafera ku Saudi Arabia mu 2003. Munthu woti adapha anthu masauzande mazanamazana, palibe adamulira, ine ndemwe ndinganene kuti Mwalimu adachita bwino.

Koma werengani zidatsatira. Yusuf Lule adakhala pampando masiku 68 okha, adabwera Godfrey Binaisa naye osatha chaka, kenako komiti ya asilikali, kenako chisankho cha Disembala 1980 chomwe chidabwezera Milton Obote ambiri akuti chaberedwa, Yoweri Museveni nkulowa m'tchire mu 1981, ndipo ku Luwero kudafa anthu ochuluka kwambiri moti ena amati ulamuliro wachiwiri wa Obote udafanana ndi wa Amin. Museveni adalanda boma mu 1986, kumpoto nkhondo ya Joseph Kony nkupitirira zaka zina pafupifupi 20. Tanzania nayo idatuluka m'nkhondomo thumba lili mbee, sopo ndi shuga kusowa m'mashopu. Nde ngakhale pomwe wochotsayo adali ndi chifukwa chomveka, mnansi weniweni wodziwa dera, zidatenga zaka zambiri ndi mitembo yambiri kuti fumbi likhazikike. Walira mvula walira matope.

Palibe pomwe zidayenda bwino?

Palipo, koma taonani mmene padalili. Anthu amakonda kutchula Germany ndi Japan itatha nkhondo ya 1945. Mayiko amenewo adali ndi mafakitale, makhoti, anthu ophunzira ndi maofesi oyenda bwino kale, adagonja kotheratu atatopa, ogonjetsawo adakhala zaka zambiri, ku Ulaya kudathiridwa ndalama za America za Marshall Plan, ndipo ku Japan mfumu Hirohito adamusiya pampando dala kuti anthu asabalalike. Komanso sikuti adapitako kukakonza boma, adapita chifukwa mayikowo ndiwo adayambitsa nkhondo.

Chapafupi ndi Gambia mu Janyuwale 2017. Yahya Jammeh adaluza chisankho kwa Adama Barrow, poyamba adavomera kenako adatembenuka, asilikali a ECOWAS, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa, motsogozedwa ndi Senegal adalowa, Jammeh adakwera ndege kupita ku Equatorial Guinea popanda nkhondo yeniyeni. Zidatheka chifukwa wolowa m'malo adalipo kale, wosankhidwa ndi anthu eni ake, asilikali a Gambia adakana kumenyera Jammeh, kadziko nkakang'ono kozunguliridwa ndi Senegal. Apo akunja sadasankhire anthu mtsogoleri, adangoperekeza amene adasankhidwa kale. Ngakhale choncho asilikali aja adakhalabe zaka ndi zaka. Pomwe ku Niger mu 2023 ECOWAS yomweyo idaopseza kulowa Mohamed Bazoum atachotsedwa, idawerengera bwinobwino nkubwerera m'mbuyo.

Malamulo a dziko lapansi amati chani?

Chikalata cha United Nations, ndime 2(4), chimaletsa dziko kugwiritsa ntchito mphamvu pa dziko linzake. Zololedwa ndi ziwiri, kudziteteza ukaputidwa, kapena komiti ya chitetezo ikavomereza. Koma m'komitimo muli akuluakulu asanu, America, Britain, France, Russia ndi China, aliyense akhoza kukana yekha nkhani nkuthera pomwepo, ife a Mozambique tidakhalamo mu 2023 ndi 2024 pa mpando wa alendo wopanda mphamvu imeneyo. Ya ku Iraq sidavomerezedwe, Kofi Annan adanena poyera mu 2004 kuti idali yosemphana ndi lamulo, koma adamangidwa ndani? African Union nayo ili ndi ndime yake 4(h) yolola kulowerera pakakhala kupululutsa mtundu kapena milandu ikuluikulu ya nkhondo, idalembedwa anthu akukumbukira za Rwanda 1994 pomwe dziko lonse lidangopenya anthu pafupifupi 800,000 akuphedwa. Nde kusalowerera nakonso kuli ndi mitembo yake, tisanamizane. Chomwe chidaonongeka ndi Libya nchoti Russia ndi China adati mudatipusitsa, mudati kuteteza anthu koma mudakachotsa boma, nde itafika nkhani ya Syria adangoti toto.

Nanga asilikali a Rwanda ali ku Cabo Delgado aja si zomwezo?

Sizofanana. Awo adaitanidwa ndi boma la Filipe Nyusi mu Julayi 2021, Palma itaukiridwa mu Malichi ndipo TotalEnergies itaimitsa ntchito ya gasi, adabwera kudzachirikiza boma osati kudzaligwetsa, ndipo mu Ogasiti adalandanso Mocímboa da Praia. A SADC nawo adabwera nthawi yomweyo nkuchoka mu 2024. Koma mafunso ena ndi omwewo, achoka liti, akuwalipira ndani, akulondera anthu kapena akulondera gasi, nanga akadzachoka asilikali athu adzatha okha? Ndipo Rwanda yomweyo ili ndi mbiri ina ku Congo.

Mbiri yanji?

Mu 1996 Rwanda ndi Uganda adatenga Laurent Kabila nkumuperekeza mpaka ku Kinshasa, Mobutu adathawa mu Meyi 1997 anthu akuvina. Patangotha chaka ndi miyezi Kabila adauza omuperekeza aja kuti zikomo bwererani kwanu, iwo adati tidakuika ndife tikuchotsanso ndife, mu 1998 nkhondo yachiwiri idabuka, Zimbabwe, Angola ndi Namibia adalowa mbali ya Kabila, mamiliyoni adafa ambiri ndi njala ndi matenda, Kabila adaomberedwa mu Janyuwale 2001. Mpaka 2025 zigawenga za M23 zothandizidwa ndi Rwanda zidalanda mzinda wa Goma, asilikali a SADC kuphatikizapo a ku Malawi adafera komweko. Munthu woikidwa ndi akunja amakhala pa mpanipani, akawamvera anthu ake amamuti chidole, akawakana omuikawo amamutembenukira.

Kodi obwerawo amapindulapo chani? Si chifundo chabe?

Pena chifundo chimakhalapo mwa anthu ena, koma dziko silitumiza ana ake kukafa chifukwa cha chifundo chokha. Ku Iran mu 1953 America ndi Britain adathandiza kugwetsa nduna yaikulu Mohammad Mossadegh atatenga mafuta m'manja mwa kampani ya Britain, chidani chake chilipobe mpaka lero. Patrice Lumumba wa ku Congo adaphedwa mu Janyuwale 1961 a Belgium ali pompo, Katanga ndi migodi yake ili pakati pa nkhaniyo. Ku Congo komweko khoti la dziko lonse la ku The Hague lidapeza Uganda yolakwa kuphatikizapo kufunkha chuma, mu 2022 lidalamula kuti ilipire madola 325 miliyoni. Nde dziko ngati lathu lomwe lili ndi malasha ku Moatize, magetsi ku Songo, gasi ku Palma, marubi ku Montepuez, wina akamati ndikubwera kudzakuthandizani, nkoyenera kumufunsa kuti pobwerera mudzanyamula chani.

Nanga dziko lotumiza asilikalilo limatuluka bwino?

Kawirikawiri ayi. Soviet Union idalowa ku Afghanistan mu Disembala 1979 nkupha mtsogoleri wa kumeneko kuika wake, idatuluka mu 1989 itataya asilikali pafupifupi 15,000, patangopita zaka ziwiri iyo yomwe idaphwasuka. America idagwetsa a Taliban kumapeto kwa 2001 m'masabata ochepa, idakhala zaka 20, idamwaza madola oposa 2 thililiyoni, pa 15 Ogasiti 2021 a Taliban omwewo adalowanso mu Kabul pulezidenti Ashraf Ghani atathawa, anthu kukakamira ndege ikunyamuka. Koma kusiyana kwake nkoti iwo amakwera ndege kupita kwawo, otsala ndi mabwinja ndi eni dziko, makamaka aja adagwira ntchito ndi alendowo, omasulira, madalaivala, atsikana omwe adauzidwa kuti pitani kusukulu pano sekondale adawatsekera.

Ngati nkhondoyo ili kutali, ife alimi ingatipweteke?

Kumbukirani 2022. Russia idalowa ku Ukraine pa 24 Febuluwale ikulunjika ku Kyiv kuti ichotse boma la Volodymyr Zelensky m'masiku ochepa, zidakanika, nkhondo nkukhazikika. Russia ndi mmodzi mwa ogulitsa feteleza akuluakulu padziko, mayiko awiriwa amagulitsanso tirigu ndi mafuta ophikira ambiri. Mlimi wa mbatatesi ku Tsangano kapena wa chimanga ku Dómuè amene sadziwa nkomwe kuti Kyiv ili mbali iti adangoona thumba la yureya lakwera, dizilo wakwera, wa chapa wakweza, buledi wachepa. Wina m'malo mwa matumba anayi adathira awiri, zokolola nazo zidayankha. Ikakhala ya pafupi nde ndi anthu amabwera, ndipo ife a m'malire timadziwa mbali zonse, tidathawirapo kwa anzathu, ngakhale posachedwapa mu 2015 ndi 2016 mfuti zitayambanso kulira cha ku Moatize ndi Tsangano anthu masauzande adakaunjikana pa Kapise ku Mwanza ena nkusamutsidwira ku Luwani.

Mfuti zikasiya kulira, zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti dziko libwerere?

Tiwerengere zathu zomwe. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Mabomba okwirira, aja a zikwangwani zofiira zolembedwa Perigo Minas zokhala ndi chigaza, dziko lidalengezedwa kuti lathana nawo mu 2015, zaka 23, ndipo pakati ponsepo anthu ankaduka miyendo popita kumunda kapena kokatola nkhuni, ng'ombe kuphulika kubusa. Sitima ya malasha idayambanso kutsika njanji ya Sena cha mu 2011. Pangano lina lidasainidwanso mu Ogasiti 2019 pakati pa Nyusi ndi Ossufo Momade wa Renamo, msasa womaliza wa Renamo ku Gorongosa udatsekedwa mu Juni 2023. Ian Smith ndi P. W. Botha onse adamwalira kalekale ali nkhalamba.

Ndiye anthu azingopirira boma loipa?

Ayi, sizomwe zikunenedwa apa. Koma taonani maboma ouma omwe adagwa m'dera lathu lino adagwa bwanji. Ulamuliro wankhanza wa ku Portugal udagwetsedwa ndi makaputeni ake omwe pa 25 Epulo 1974 atatopa ndi nkhondo za kuno. Kaunda adachoka ndi voti mu 1991. Kamuzu, munthu ankatchedwa wamuyaya, adayamba kugwedezeka ndi kalata ya mabishopu ya Malichi 1992, ogwira ntchito kunyanyala, opereka thandizo kuimitsa ndalama, riferendamu ya Juni 1993, asilikali a Malawi eni ake kulanda zida a Payoniya mpaka ena kuthawira kuno, 1994 adavomera kuti waluza. Mu 2020 makhoti a ku Malawi komweko adafafaniza chisankho cha pulezidenti nkuchibwereza. Tsankho la ku South Africa lidagwa ndi zionetsero za m'kati, kunyanyalidwa pa malonda ndi kukambirana. Monsemo akunja adathandiza ndithu, ndi ndalama, ndi kukana kugula katundu, ndi kusunga othawa, ndi mawailesi, koma sadabwere ndi akasinja, nde m'mawa mwake namwino adapitabe kuntchito ndipo asilikali adakhalabe m'mabalaki.

Sikuti njira ya m'kati ilibe ngozi, ku Sudan anthu adachotsa Omar al-Bashir ndi zionetsero mu 2019 koma mu Epulo 2023 akuluakulu awiri a asilikali adayambana dziko nkuyaka, mayiko ena akunja akuponyera zida mbali iyi ndi iyo. Ndipo njira imeneyi imachedwa, imatopetsa, ena amafera m'ndende asanaone zipatso zake. Ngakhale nkhondo yathu ija kuti ithe padafunika alendo, a gulu la Chikatolika la Sant'Egidio a ku Rome, boma la Italy, pamodzi ndi bishopu wathu Jaime Gonçalves wa ku Beira, anthu kukhala pa tebulo kuyambira Julayi 1990 kukangana, kunyanyala, kubwereranso, mpaka Chissano ndi Dhlakama adasaina, kenako asilikali a United Nations a ONUMOZ adabwera mbali zonse ziwiri zitavomera, kudzalandira mfuti ndi kuyang'anira chisankho cha 1994, atamaliza adanyamuka.